Za ubongo zomwe tinamva ku wekishopu, kodi zingathandize kabungwe kathu ka mu Chawama?

Funso la sabata ino lachokera kwa amayi ena a ku Chawama, ndalifupikitsa pang'ono. Akuti: "Ndimayendetsa kabungwe kakang'ono mu komboni mwathu muno, tili ndi sukulu ya komyuniti kuyambira nasale mpaka giredi 4, komanso gulu la azimayi a chilimba omwe timawaphunzitsa kuwerenga. Aphunzitsi ndi mavolontiya, timangowapatsa ka alawansi. Chiimitsireni ndalama za ku America zinthu zavuta, ena asiya, otsalawo sachedwa kupsa mtima, mwezi watha mmodzi yemwe timamudziwa kuti ndi wofatsa anakwapula mwana mpaka makolo kubwera. Ana nawo zomwe taphunzitsa Lolemba pofika Lachisanu aiwala. Tinapita ku wekishopu ina komwe anatiuza kuti ana ena ndi a ubongo wa kumanzere ena wa kumanja, ena amaphunzira ndi maso ena ndi makutu, ndipo pali kosi yolipira. Za ubongozi ndi zoona kapena ndi fashoni chabe ya ma NGO? Tilipire?"

Amayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi zomwe mukudutsamo. Ndiyambe ndi za ndalamazo: musalipire. Zoti pali mwana wa ubongo wa kumanzere ndi wina wa kumanja ndi bodza. Chomwe chili choona ndi chakuti ntchito zina zimapendekera mbali imodzi, monga chilankhulo kwa anthu ambiri chimadalira kwambiri kumanzere, koma mwana akamawerenga olo kuimba nyimbo mbali zonse ziwiri zimagwirira limodzi. Zoti uyu ndi wa maso uyu ndi wa makutu nazonso zinafufuzidwa kale, mu 2008 Harold Pashler ndi anzake anaunika kafukufuku yemwe analipo kuti aone ngati kuphunzitsa mwana motengera mtundu wakewo kumakweza zotsatira, umboni wogwirika sanaupeze. Mapu amafuna maso kwa mwana aliyense, katchulidwe ka mawu kamafuna makutu kwa mwana aliyense, basi. Chaka chomwecho Deena Weisberg ku Yale anaonetsa chinthu chomwe chimandidetsa nkhawa ndikakhala m'mawekishopu athu mu Lusaka muno, anthu wamba ukawafotokozera zinthu zopanda mutu koma nkuponyamo mawu a za ubongo amazikhulupirira kuposa mmene akanachitira mawuwo kulibe. Nde munthu akakuonetsani chithunzi cha ubongo chowala pa pulojekita, mufunseni mwaulemu kuti njira yakeyo anaiyesa pa ana angati, kuti, ndipo chinasintha nchani.

Koma sayansi yeniyeni ya ubongo ilipo, ndipo pa nkhani yanuyi ikuyamba ndi mphunzitsi uja, ana akubwera pambuyo. Kuseri kwa mphumi kuli mbali ya ubongo yotchedwa prefrontal cortex, ndi yomwe imakuthandizani kuugwira mtima, kulinganiza zochita, kusunga zinthu zingapo m'mutu nthawi imodzi, ndi kuganiza kaye musanayankhe. Mkati mwenimweni muli kachigawo kena kakang'ono, amygdala, kamene ntchito yake ndi kuchenjeza za zoopsa, kakaona choopsa thupi limatulutsa adrenaline ndi cortisol, mtima kugunda, m'manja thukuta. Amy Arnsten wa ku Yale wakhala zaka zambiri akuonetsa kuti nkhawa yomwe munthu akuona kuti sangathe kuilamulira, olo isakhale yaikulu, imafooketsa mbali ya kutsogolo ija mwachangu, ndipo mbali zochita zinthu mwachizolowezi ndi mwamantha ndi zomwe zimatenga ulamuliro. Tonse tinaona mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi akaperewera madera ena amazimitsidwa kuti kwina kuyake, ubongo wa munthu wopanikizika umachitanso choncho, umazimitsa kuleza mtima kuti usunge mphamvu ya kuthawa kapena kumenya. Chochenjeza chimenechi chinapangidwira zoopsa za mphindi zochepa, galu wolusa, moto, minibasi yophonya mabuleki. Vuto ndi pomwe choopsacho ndi lendi ya mwezi ndi mwezi.

Aphunzitsi a mtundu umenewu ndimakumana nawo kawirikawiri pa ntchito yanga yophunzitsa alangizi a m'makomboni. Wadzuka kusanache kukaima pa mzere wa madzi, usiku alandilodi anagogoda, wa kaloba watumiza meseji, wachoka panyumba ndi tiyi wopanda chotafuna. Kalasi ndi ya malata opanda siling'i, pofika 10 koloko mwatentha, ana adzadza mpaka pansi, choko chatsala kachidutswa, kenako kamwana kena kumbuyo kagwetsa benchi anzake nkuyamba kuseka. Tsiku lina akanangoti iwe dzutsa benchiyo, lero dzanja lapita pa kamtengo iye asanaganize. Sindikumuikira kumbuyo ayi, kukwapula mwana kusukulu ndi kolakwa ndipo Education Act ya 2011 inaletsa, makolo apepesedwe, chenjezo lilembedwe, ndipo kwa masabata angapo asamakhale yekha ndi kalasi. Koma mukangomuchenjeza nkusiya zina zonse mmene zilili, mwezi wamawa adzakhala mphunzitsi wina, poti onse ali m'mavuto omwewo.

Chomwe chimandilimbitsa mtima ndi chakuti kufooka kumeneku kumabwerera m'malo. Mu 2009 Conor Liston, Bruce McEwen ndi B.J. Casey ku New York anayeza ophunzira udokotala 20 omwe anakhala mwezi wathunthu akukonzekera mayeso aakulu, anapeza kuti akuvutika kusamutsa maganizo kuchoka pa chinthu china kupita pa china, ndipo makina ojambula ubongo anaonetsa kuti kulumikizana kwa mbali ya kutsogolo ija kwasokonekera. Patatha mwezi umodzi mayeso atadutsa anawayezanso, anali atafanana ndi anzawo omwe sanali pa mayeso. Mphunzitsi wanu wofatsa uja sanasanduke munthu woipa, kufatsa kwake kulipo, kukufuna mpata.

Manje mpatawo muupeza kuti poti ndalama palibe? Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa pali zinthu zomwe zili m'manja mwanu inu monga mtsogoleri zosalira ngwee. Choyamba ndi kusadziwa za mawa. Mu 2016 Archy de Berker ndi anzake ku London anapanga kafukufuku wina, anthu amasewera gemu pa kompyuta yotembenuza miyala, pansi pa mwala pakapezeka njoka amawatcheza ndi magetsi padzanja. Anthu anapanikizika kwambiri pomwe mwayi wotchezedwa unali theka ndi theka, kuposa pomwe ankadziwiratu kuti atchezedwa ndithu. Kusadziwa kumapweteka kuposa uthenga woipa wodziwika. Chiyambire Januwale 2025 pomwe boma la America linaimitsa thandizo la kunja, ndaona atsogoleri ambiri a mabungwe, anthu a mtima wabwino, akubisira antchito awo mmene zinthu zilili poopa kuwadetsa nkhawa, tsiku lililonse "tikudikira yankho, osadandaula". Amayi, kumeneko ndi kuwaika pa theka ndi theka tsiku ndi tsiku. Akhazikeni pansi, atsegulireni buku, auzeni kuti ndalama ya alawansi ilipo mpaka mwezi wakuti, kupitirira apo palibe chomwe ndalonjezedwa, yemwe akufuna kufunafuna kwina ndimulembera kalata yabwino. Ena achokadi. Otsalawo agona tulo, ndipo akukhulupirirani. Alawansi olo ichepe bwanji izibwera pa deti lomwe mwanena, ikati ichedwa auzeni sabata isanakwane, osati adzamve atafika kale pa ofesi.

Kenako tulo. Munthu wamkulu amafuna maola osachepera 7. Mu 2000 Ann Williamson ndi Anne-Marie Feyer anapeza kuti munthu yemwe wakhala maso maola 17 mpaka 19 amachita zinthu mofanana ndi yemwe ali ndi mowa wokwana 0.05 peresenti m'magazi. Palibe mtsogoleri angalole mphunzitsi kulowa mkalasi atalawa, koma timatumiza mameseji pa gulupu ya WhatsApp 22 koloko usiku kuti lipoti likufunika mmawa, ndipo wolandirayo ayamba kulemba pa foni malaiti atapita. Ikani lamulo loti ikakwana 19 koloko gulupu ya ntchito izikhala chete kupatula ngozi, ndipo inuyo mukhale woyamba kulisunga, poti iwo amaonera inu. Mu 2019 bungwe la WHO linafotokoza burnout ngati vuto lochokera ku ntchito, lokhala ndi zizindikiro zitatu, kutheratu mphamvu, mtima kutalikirana ndi ntchito mpaka kuyamba kuinyoza, ndi kuona ngati palibe chomwe ukukwanitsa. Chachiwiricho ndi chomwe chimatipusitsa m'mabungwe, volontiya yemwe kale ankalira ndi ana akayamba kunena kuti "ana a mu komboni ndi choncho, sangasinthe" timati wayamba mwano, pomwe nthawi zambiri mtima wake watopa ndipo ukudziteteza. Ndipo poti gwero lake ndi ntchito, mankhwala ake ndi kusintha kagwiridwe ka ntchito, wekishopu ya tsiku limodzi yophunzitsa kupuma mozama siingachotse kalasi ya ana odzadza.

Chinanso chaulere, ola limodzi pa sabata lokhala pansi aphunzitsi okhaokha ndi inu, lopanda za malipoti. Anthu amenewa amamva zinthu zolemera, mwana wagwiriridwa ndi wachibale, wina mayi ake amwalira ndi kolera nthawi ija Heroes Stadium inasanduka chipatala kumayambiriro kwa 2024, wina wabwera ndi zipsera kumsana, amazimva nkukwera nazo minibasi kupita nazo kunyumba popanda wowafunsa. Mutu umodzi susenza denga. Aliyense anene mwana mmodzi yemwe wamulemera sabata imeneyo, osatchula dzina ngati nkhani ndi yachinsinsi, anzake amvetsere kaye asanayambe kulangiza, kenako mugwirizane chochita chimodzi. Mukhoza kutsegula ndi pemphero ndi nyimbo mmene timachitira, palibe vuto, bola pempherolo lisalowe m'malo mwa kumvetserana.

Tsopano ana. Chifukwa chomwe ndayambira ndi akuluakulu ndi chakuti mwana wamng'ono sangathe kudzikhazika mtima pansi yekha, mbali ya kutsogolo ija imachedwa kukhwima, imafika mpaka zaka za m'ma 20, nde amadalira munthu wamkulu yemwe ali pafupi. Wamkuluyo akakhala wodekha mwana amadekha, akakhala wolusa mwana ubongo wake umakhala pa ulonda, ndipo mwana yemwe akuyang'anira dzanja la aphunzitsi sakuyang'ana pa bolodi. Tsiku lija sanakwapulidwe mwana mmodzi chabe, onse omwe ankaonerera anaphunzira mantha.

Pali kafukufuku wa ku Jamaica yemwe ndimafuna aliyense wogwira ntchito ndi ana amudziwe. Mu 1986 ndi 1987 Sally Grantham-McGregor ndi anzake anatenga ana 129 opinimbira a mu Kingston, a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa iwo ankayenderedwa kunyumba kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri ndi azaumoyo wamba a m'dera, omwe ankaonetsa amayi kusewera ndi mwana, kumuyankhula, kumuyamikira, pogwiritsa zidole zopanga okha. Anawa anatsatidwa mpaka atakula, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 22 omwe ankaseweredwa nawo aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo opinimbira omwe sanalandire masewerowo. Panalibe tabuleti olo kompyuta. Chomwe chinalipo ndi chomwe mumachiona pa sikelo ku kiliniki, khanda lili kumsana laloza nkhuku nkuti "aa", mayi nkutembenuka kuti "eya, nkhuku iyo, ikuti chani nkhuku?", khanda nkuseka nkulozanso. Kuyankhana kumeneko, kobwerezedwa kambirimbiri, ndi komwe kumalumikiza minyewa ya ubongo. Azimayi anu a chilimba ambiri ali ndi makanda kumsana pomwe mukuwaphunzitsa, mphindi khumi za zimenezi pa msonkhano uliwonse ndi pulogalamu yathunthu kale.

Za chakudya sindichulutsa poti mukuzidziwa kuposa ine. Ubongo wa munthu wamkulu ndi pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu, kwa mwana wa zaka zinayi kapena zisanu umadya kuposa theka la mphamvu yomwe thupi limagwiritsa likupuma. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu mu Zambia ndi opinimbira, ndipo oposa theka ali ndi magazi ochepa. Ngati pali ndalama yomwe mumafuna kulipira kosi, igulireni ufa, nsinjiro ndi soya. Ndipo phala liziperekedwa mmawa maphunziro asanayambe, ndaona masukulu ena akupereka poweruka kuti ana asathawe, ndikumvetsa chifukwa chake, koma ndiye kuti maola onse a masamu ndi kuwerenga adutsa pa mimba yopanda kanthu.

Pali ana ena omwe phala ndi mphunzitsi wodekha sizikwanira. Mumudziwa mwana wotere, dasitala ikagwa pansi amadzidzimuka mpaka kubisa mutu, kapena amangoyang'ana pa khoma mukamuitana kawiri katatu osamva, kapena mnzake akangomukhudza paphewa chibakera chatuluka kale, wina wayambiranso kukodza pogona ali ndi zaka 9. Timawatcha amwano, ogona, opanda nzeru. Kawirikawiri ndi ana omwe aona kapena kuchitidwa zoopsa ndipo chochenjeza chija chinakanirira. Chomwe anthu ambiri m'mabungwe sadziwa ndi chakuti umboni wina wamphamvu pa nkhani imeneyi unachokera mu Lusaka mommuno. Laura Murray wa ku Johns Hopkins ndi anzake a kuno anayesa chithandizo cha kukambirana chotchedwa TF-CBT pa ana 257 a zaka 5 mpaka 18 m'madera asanu a mu Lusaka, zotsatira zinatuluka mu 2015, zizindikiro za kuvulala mumtima zinatsika ndi pafupifupi 82 peresenti kwa omwe analandira chithandizochi, pomwe kwa omwe analandira thandizo la masiku onse zinatsika ndi 21 peresenti. Opereka chithandizocho sanali madokotala, anali alangizi wamba ophunzitsidwa bwino, omwe ankakumana ndi owayang'anira sabata ndi sabata. Mbali ya kuyang'aniridwayo musaidumphe. Chonde musauze mavolontiya anu kuti ayambe kufukula ana nkhani zowawa popanda maphunziro amenewo, akhoza kuvulaza mwana nkudzivulazanso okha. Ntchito yawo ndi kuzindikira, kukhala odekha, ndi kutumiza koyenera. Nambala ya 116 ya Childline ndi yaulere, 933 ndi ya nkhanza za m'banja, ndipo mwana olo mphunzitsi yemwe wasiya kudya, sakugona masabata, kapena wayamba kunena zofuna kudzipha apite ku kiliniki tsiku lomwelo, iwo akaona kuti nkofunika amutumiza ku chipatala cha matenda a maganizo ku Chainama.

Za kuiwala kwa Lachisanu, apa mtima ukhale m'malo, ana anu alibe vuto lapadera. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti zomwe taphunzira kumene zimatayika mwachangu kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kubwereza kotalikirana masiku kumasunga zinthu kuposa kubwereza kambiri tsiku limodzi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge, ena anaiwerenga mobwerezabwereza, ena anaiwerenga kanthawi kochepa kenako nkumayesa kuikumbukira pepala litachotsedwa. Patatha sabata owerenga kambiri aja anakumbukira pafupifupi 40 peresenti, oyesa kukumbukira aja 61 peresenti. Chomwe chimalimbitsa chikumbumtima ndi kuchikoka chinthucho m'mutu wekha, olo movutikira. Nde taonani mmene timaphunzitsira, aphunzitsi anena, kalasi yonse ibwereza mokweza, "ba be bi bo bu", phokoso labwino ndithu mpaka odutsa panjira kuyamikira, koma mwana wa kumbuyo akungotsatira milomo ya anzake, m'mutu mwake simunakokedwe kanthu. Yesani izi, mmawa uliwonse mphindi zisanu zoyamba bolodi likhale lofufuta, aphunzitsi afunse chimodzi cha dzulo, chimodzi cha sabata yatha, chimodzi cha mwezi watha, mwana aliyense alembe yankho pa sileti olo pansi ndi chala nkukweza kapena kuloza, onse nthawi imodzi, popanda mamakisi, popanda chilango, wolakwa auzidwe yankho pompo. Chilango chikangolowapo mwabweretsanso mantha aja ndipo phindu lonse lathawa. Tulo nalonso lili ndi gawo pano, ubongo umakhazikitsa zomwe waphunzira masana munthu ali mtulo, nde pa msonkhano wa makolo nkhani ya nthawi yogona ana ikambidwe, ndikudziwa kuti m'nyumba ya chipinda chimodzi pafupi ndi bala ndi zovuta, komabe ikambidwe.

Kuiwala kwina si kuiwala, mwanayo sanamve kuchokera pachiyambi poti phunziro linali patali ndi pomwe iye ali. Wa giredi 4 yemwe sadziwa malembo simungamuphunzitse ndime. Unduna wa zamaphunziro unayamba pulogalamu ya Catch Up mu 2016, yochokera ku njira ya bungwe la Pratham la ku India, yomwe imayeza mwana aliyense payekha nkuwagawa m'magulu motengera pomwe afika, a malembo, a mawu, a ndime, osati motengera giredi. Ola limodzi pa tsiku lotere mungalikwanitse ndi aphunzitsi omwe muli nawo, ndipo mphunzitsi akaona mwana wasuntha kuchoka pa malembo kufika pa mawu nayenso mtima umabwerera, chizindikiro chachitatu cha burnout chija chimachepa ndi zinthu zooneka ngati zimenezi.

Azimayi a chilimba ndisawaiwale. Alipo amene amati "ine mutu unauma kale, mmera mpoyamba". Zaka zoyambirira ndi zofunikadi, koma ubongo susiya kusintha. Mu 2010 Stanislas Dehaene ndi anzake anajambula ubongo wa akuluakulu a ku Brazil ndi Portugal, ena osadziwa kuwerenga, ena ophunzira ali ana, ena ophunzira atakula kale, ndipo omwe anaphunzira atakula ubongo wawo unaonetsa kusintha m'malo omwewo ozindikira malembo. Amachedwerapo, amafuna kubwereza kochuluka, koma zimatheka, auzeni zimenezo mosapita m'mbali. Chomwe chimawalepheretsa kwambiri ndi katundu wa m'mutu. Mu 2013 Anandi Mani, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi Jiaying Zhao anayeza alimi a nzimbe 464 ku Tamil Nadu, India, asanakolole pomwe ali pa ngongole komanso atakolola ndalama zili m'thumba, anthu omwewo anakhoza bwino mayeso a kuganiza atakolola. Mayi yemwe akuwerengera mumtima ngati tomato wa pa kantemba atuluke lero kuti agule pamela wa madzulo, malo a "a e i o u" m'mutu mwake ndi ochepa, ndipo si ulesi. Nde phunziro likhale lalifupi, theka la ola lokwana, kawiri kapena katatu pa sabata kusiyana ndi Loweruka lonse, lisagundane ndi nthawi ya msika olo masiku a lendi, ndipo zowerenga zikhale zomwe akuzifuna mawa lomwe, meseji ya mobile money, kadi la ku sikelo, buku la chilimba chawo chomwe. Pa tsiku la chilimba yambani ndi za ndalama zithe, mitima ikhale pansi, kuwerenga kubwere pambuyo.

Mukamalemba pulopozo yotsatira, poti ma donor ena masiku ano amakonda kumva za ubongo, simukufunika kukongoletsa ndi mawu akuluakulu. Lembani zomwe mukuchita ndi chifukwa chake, ndipo ikani mzere wa bajeti wa anthu ogwira ntchito, alawansi yodalirika, transipoti, mlangizi wophunzira yemwe azibwera kamodzi pa mwezi kudzakhala ndi aphunzitsi anu. Ambiri timachita manyazi kupempha zimenezi poopa kuoneka ngati tikudzikonda, timapempha mabuku ndi mabenchi okha, koma ine ndimalimba nazo mtima pamaso pa aliyense, pa sukulu ngati yanu mphunzitsi ndiye pulogalamu yeniyeniyo. Kuti mukhale ndi chowaonetsa, gulani kope limodzi lolimba, kutsogolo muzilemba pomwe mwana aliyense wafika pa kuwerenga kumayambiriro ndi kumapeto kwa temu, kumbuyo masiku omwe aphunzitsi ajomba kapena kudwala ndi madeti omwe alawansi yaperekedwa. Pakatha matemu awiri muziike pamodzi mbali ziwirizo, mukazione limodzi ndi aphunzitsi anu pa ola lija la pa sabata musanazitumize kwa wina aliyense.